Za Kufufuta Foni Imene Mwalowa Mbala

Tonse tidziwa kuti lamulo la pa sukulu pano liletsa kusunga foni m'chipinda chogona, ndipo amene agwidwa nayo aona zakuda. Tsono wina adzafunsa kuti, nanga nkhani ya foni ifunanji m'nyuzi yathu ino? Yankho ndi ili: tikatsekera sukulu ndi kubwerera kumudzi, makolo athu atiyesa ife anthu odziwa zonse. Ikabwera kalata ya Chingerezi aitana ife. Akafuna kuwerengera mtengo wa belo la fodya aitana ife. Foni ikayamba kuchita zachilendo aitananso ife. Ndi chinthu chamanyazi kuti mwana wa Fomu 3 angoti kakasi pamene ndalama za banja lonse ziri pa ngozi. Ine zinandionekera pa tchuthi chachikulu chapitachi, ndipo ndaganiza zolemba zimene ndinaphunzira, kuti zikamgwera mnzanga wina asadzayambire pamene ndinayambira ine.

Zimene zinaoneka kwathu

Atsibweni anga alima fodya wa bale kufupi ndi Chinkhoma, ndipo ndiwo andilipirira fizi chimwalirire bambo anga. Chaka chino anagulitsa mabelo 7 ku okushoni. Monga mudziwa, ndalama za ku okushoni sizipatsidwa m'manja. Zilowa ku banki, ndipo alimi ambiri analumikiza banki ndi foni kuti azitapa pang'onopang'ono osakwera minibasi kupita ku boma. M'ndalama zimenezo munali fizi yanga, feteleza wa dzinja likudzali, ndi malipiro a anthu amene anathandiza kusoka ndi kusankha fodya.

Tsiku lina madzulo anandiitana pakhonde nati, "Mphwanga, tagwira foni iyi. Irikutentha ngati mbatata yootcha, chonsecho sindinaikhudze chichokere kudimba. Bandulo ndinagula dzulo yatha usiku ine ndiri m'tulo. Kodi pamenepa sanandichite chipongwe anthu?" Ine ndinaseka, ndi kunena kuti kapena batire lakalamba. Koma m'mawa mwake amayi aang'ono a ku Johannesburg anaimba pa foni ya oyandikana nafe, alikulira, kufunsa dzina la chipatala chimene atsibweni agonekedwa. Pakuti anali atalandira uthenga wa pa WhatsApp m'dzina la atsibweni wakuti adwala kwakayakaya ndipo pafunika ndalama msanga. Pamenepo n'kuti atsibweni ali panja alikusema mpini.

Kuseka kunandithera. Ndinafunsa kuti, "Atsibweni, kodi pali munthu amene anagwirako foni yanuyi masiku apitawa?" Anayamba akana, koma pambuyo pake anakumbukira. Tsiku lina alikudikira kuti mabelo ao atsitsidwe, mnyamata wina waulemu wake anawauza kuti ali ndi pulogalamu yaulere yoonetsa mitengo ya fodya tsiku ndi tsiku. Anatenga foni, naikamo chinthucho, naibweza patapita mphindi zowerengeka, atsibweni namgulira botolo la zoziziritsa kukhosi pomthokoza. Mitengo ya fodya sinaonekepo ngakhale tsiku limodzi. Akulu ananenetsa kuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Kapitawo wa m'foni

Tisanafike pa kufufuta, tiyambe tadziwa chimene chiri m'kati. Foni yamakono ija tisisita ndi chala pagalasi ndi kompyuta ndithu, ingochepa msinkhu. M'kati mwake muli pulogalamu imodzi yaikulu yoyang'anira zonse, monga kapitawo pa esiteti. Kapitawo salima, koma ndiye agawa ntchito ndi kusunga makiyi, ndipo wantchito aliyense wofuna khasu kapena feteleza apempha kwa iye. Mapulogalamu ang'onoang'ono, amene anyamata ati maapu, monga WhatsApp, Facebook ndi a ku banki, ndiwo antchito. Akafuna kamera, mauthenga kapena maina a anthu, apempha kwa kapitawo, ndipo iye afunsa mwini foni ngati alola.

Akapitawo otchuka alipo awiri. Wina ndi Android wa kampani ya Google, amene anayamba kutuluka m'mafoni mu 2008, ndipo ndiye ali m'mafoni ambiri a kuno kwathu monga itel, Tecno ndi Samsung. Wina ndi iOS wa kampani ya Apple, wa m'foni yotchedwa iPhone, imene inatuluka mu 2007.

Mosungira zinthu m'foni anagawamo zipinda. Chipinda china ndi cha kapitawo, chokhoma, chimene pulogalamu wamba siitha kulembamo kanthu. China ndi cha mwini foni, momwe mukhala zithunzi, nyimbo, mauthenga ndi maapu onse amene iye waikamo. Gwirani bwino mfundo imeneyi, pakuti pa iyo ndi pamene pagona kusiyana kwa njira ziwiri zofufutira zimene ndidzanena kutsogoloku.

Makomo amene mbala ilowera

Khomo loyamba ndi pulogalamu yochokera kosadziwika. Malo enieni otengako maapu a Android ndi Play Store, kumene ayamba awaunika. Koma ambiri a ife, pofuna kupulumutsa bandulo, tingogawana pa Xender kapena Bluetooth osadziwa kumene chinthucho chinabadwira. Ena aika WhatsApp wosinthidwa monga GB WhatsApp, amene eni ake a WhatsApp aletsa. Pulogalamu yoipa ivala nkhope ya yabwino, ndipo polowa ipempha chilolezo chowerenga mauthenga ndi choona zonse za pagalasi. Mwini foni angovomera osawerenga. Ikatero itha kuona nambala yachinsinsi pamene alikuilemba, ndi kuwerenga mauthenga a ku banki iye asanawaone.

Khomo lachiwiri ndi linki. Ubwera uthenga wakuti mwapambana mphoto, kapena kuli bandulo yaulere, kapena bungwe lina lirikulemba ntchito. Mukadina mufika pa tsamba lofanana ndi la banki kapena la Facebook, ndipo mau achinsinsi amene mulembapo apita kwa wakuba.

Khomo lachitatu ndi manja a munthu. Mphindi ziwiri zikwanira kuika pulogalamu yozonda, kapena kulumikiza WhatsApp wanu ndi kompyuta ya munthu wina, pakuti WhatsApp alola kulumikiza zipangizo zina mpaka 4. Chifukwa chake foni yosakhoma siyenera kusiyidwa kotchajitsa pa msika, kapena kubwerekedwa kwa munthu wongokomana naye panjira.

Khomo lachinayi ndi pakamwa pa mwini foni. Chiyambire Airtel Money mu 2012 ndi Mpamba mu 2013, akathyali anaphunzira kuimba foni alikudzitcha antchito a kampani, kapena oyendetsa galimoto amene anyamula katundu wa mbale wanu wa ku Joni. Apempha nambala yachinsinsi, kapena manambala 6 amene WhatsApp atumiza pa uthenga, ndipo munthu awauza yekha. Ena anyenga ogulitsa kuti awapatse simukhadi yatsopano ya nambala yanu. Mungoona netiweki yazimirira pamene anzanu onse ali nayo. Dziwani kuti pa khomo limeneli foni iribe kachirombo kalikonse, ndipo kuifufuta sikuthandiza kanthu. Munthu sagwetsa nyumba chifukwa chakuti kiyi wabedwa, asintha loko.

Kunjaku kulinso mbala zazikulu zosasowa kuti muzitsegulire. Mu 2019 eni ake a WhatsApp anasumira kampani ya ku Israel yotchedwa NSO Group, ponena kuti pulogalamu yake yozonda, Pegasus, inalowetsedwa m'mafoni pafupifupi 1,400 mwa kungoimba, ngakhale mwini foni asanayankhe. Mu 2018 akatswiri a Citizen Lab a ku yunivesite ya Toronto anapeza mapazi a Pegasus m'maiko 45, ndipo Zambia ndi South Africa anali pa mndandandawo. Koma chida chimenechi ndi chamtengo wapatali, chogulidwa ndi maboma, ndipo ambiri amene anasakidwa nacho ndi atolankhani, andale ndi omenyera ufulu. Mlimi wa ku Santhe kapena ku Chamama aope makamaka makomo anayi oyambawo.

Kodi mbala yalowadi?

Si kutentha konse kwa thupi kuli malungo. Ku chipatala ayamba ayeza magazi. Batire lokalamba litentha ndi kutha msanga, ndipo foni yodzaza zithunzi iyenda ngati birimankhwe popanda wakuba aliyense. Zizindikiro zoyenera kutiopsa ndi izi: mauthenga otumizidwa m'dzina lanu amene simunalembe, ndalama kapena mayunitsi kuchepa popanda chifukwa, maapu amene simunaike, zotsatsa malonda zotulukira pagalasi ngakhale simunatsegule kanthu, ndi mauthenga okhala ndi manambala otsimikizira amene simunapemphe.

Poyeza, tsegulani Settings ndi kuwerenga maina a maapu onse limodzi limodzi. Yang'anani pamene palembedwa Accessibility ndi pamene palembedwa Device admin apps, pakuti mapulogalamu oipa akonda kudzipatsa mphamvu pamenepo kuti asachotsedwe. Mu Play Store muli mlonda wotchedwa Play Protect. Muuzeni aunike foni. Mu WhatsApp tsegulani Linked devices ndi kutulutsa chipangizo chirichonse chachilendo. Mukaimba ##002# mafoni anu aleka kupatutsidwira ku nambala ina.

Pa foni ya atsibweni ndinapeza zinthu ziwiri: kompyuta yachilendo yolumikizidwa ndi WhatsApp wao, ndi pulogalamu yopanda chithunzi imene inali ndi chilolezo chowerenga mauthenga. Kompyutayo ndinaitulutsa pomwepo. Pulogalamuyo ndinaichotsa, koma sindinadziwe ngati inali itaitana anzake, ndipo pa foni yosunga ndalama za fodya sindinafune kuyesa mwayi. Ndinati tifufute zonse.

Musanafufute

Apa ndi pamene ambiri alakwa chifukwa cha phuma. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Pali ntchito zisanu zoyenera kutsogola.

Yoyamba: dulani njira ya mbala. Tsekani intaneti, tulutsani simukhadi ndi memore khadi. Pulogalamu yozonda yopanda intaneti ndi netiweki iri ngati mbala yotsekeredwa m'nkhokwe. Iona chimanga koma siitha kutuluka nacho.

Yachiwiri: tetezani ndalama pogwiritsa ntchito foni ina yodalirika. Ife tinaika simukhadi m'kafoni ka mabatani ka agogo, tinaimbira ku banki kuti aimitse kutapa kwa pa foni, ndipo tinasintha nambala yachinsinsi ya ndalama za m'foni. Mau achinsinsi a Google ndi a Facebook asinthidwenso pa chipangizo china. Kusinthira pa foni yodwalayo ndi kunong'oneza chinsinsi m'khutu la wakuba.

Yachitatu: sungani umboni. Jambulani ndi foni ina mauthenga abodzawo, nambala imene ndalama zinauzidwa kupitako, tsiku ndi nthawi yake. Mukafufuta musanatero, apolisi mudzawaonetsa chiyani? Imbaninso *#06# ndi kulemba m'kope manambala 15 amene atuluka, otchedwa IMEI; amenewo ndiwo chizindikiro cha foni yanu pakati pa mafoni onse.

Yachinayi: pulumutsani zimene simungazipezenso. Zithunzi za ukwati ndi za maliro, makalata, ndi manambala a abale zikoperedwe pa kompyuta kapena zilembedwe m'kope. Ine ndinalemba maina ndi manambala masamba anayi, atsibweni alikunditchulira kuti uyu ndi wa feteleza, uyu ndi wa lole, uyu ndi mlangizi. Koma maapu musasunge ngakhale imodzi, kapena mafayilo amene dzina lake lithera ndi apk, pakuti m'menemo ndimo mubisala matenda.

Yachisanu: tsimikizani kuti mudziwa akaunti ya Google ya pa foniyo ndi mau ake achinsinsi. Kuyambira pa Android 5.1 wa mu 2015, foni yofufutidwa itha kukana kutseguka kufikira mutalemba akaunti imene inalimo kale. Anachita zimenezi pofuna kukhaulitsa akuba mafoni, koma zikhaulitsanso eni ake ambiri, chifukwa akaunti zambiri za makolo athu zinatsegulidwa ndi ogulitsa mafoni kapena mwana wa mnansi amene anasamuka kalekale. A Google alangizanso kuti ngati mwangosintha mau achinsinsi mudikire maola 24 musanafufute, ndi kuti batire likhale pa 70 pa 100 kapena kuposa. Ife foni inagona tsiku lathunthu chizimire m'chitini cha shuga, atsibweni alikuiyang'ana ngati njoka.

Kufomata ndi kufulasha

Njira yoyamba ndi imene anthu ati kufomata. Foni isesa chipinda cha mwini wake chonse, niibwerera monga inaliri potuluka m'sitolo. Koma chipinda cha kapitawo siichikhudza. Mau asiyana pang'ono foni ndi foni. Mu Settings funani pamene palembedwa Reset, ndipo musankhe Erase all data kapena Factory data reset. Foni idzafunsa nambala yotsegulira, idzazima, ndi kuyaka yokha. Nthawi zina ntchitoyi itenga mpaka ola limodzi, ndipo musaisokoneze. Ngati pulogalamu yoipayo ikaniza kulowa mu Settings, zimitsani foni, ndipo poyatsa mugwire pamodzi batani loyatsira ndi la mau. Padzatuluka mndandanda wa zilembo zing'onozing'ono, ndipo musankhepo Wipe data. Popeza mapulogalamu oipa ambiri akhala m'chipinda cha mwini foni, kufomata kuwachotsa pafupifupi onse.

Ndati pafupifupi, chifukwa tilipo tizirombo tina touma mutu. Mu 2019 kunabuka kachirombo kotchedwa xHelper, kamene akatswiri a kampani ya Symantec anakapeza m'mafoni 45,000 pa miyezi 6. Anthu ankafomata, koma patapita kanthawi kankabwereranso. Mu 2020 a kampani ya Kaspersky anafotokoza chinsinsi chake: kankathyola loko ndi kudzilemba m'chipinda cha kapitawo, kumene tsache la kufomata silifika. Chaka chomwecho ofufuza a Secure-D ananena kuti mafoni pafupifupi 53,000 a mtundu wa Tecno W2, ogulitsidwa m'maiko monga Ethiopia, Ghana, Cameroon, Egypt ndi South Africa, anafika kwa ogula ali kale ndi kachirombo kotchedwa Triada, kamene kankatha mayunitsi polembetsa anthu zinthu zimene sanapemphe. Kampani yopanga mafoniwo, Transsion, inati vutolo linalowera kwa wina mwa amene ankaigulitsa zipangizo, ndi kuti inali itatulutsa kale chokonzera.

Pa matenda otere pafunika njira yachiwiri, imene amisiri a mafoni ati kufulasha. Musasokoneze ndi kufulasha kuja tichita tikasowa mayunitsi, koimba ndi kudula kuti mnzathu ayimbe ndiye. Kufulasha kwa amisiri ndiko kuchotsa kapitawo yemwe ndi kuika wina watsopano. Mmisiri atenga pa intaneti fayilo yaikulu yokhala ndi pulogalamu yonse yoyendetsa foni, alumikiza foni ndi kompyuta pa chingwe, nalemba fayiloyo pamwamba pa zonse zakale. Pa mafoni a Samsung amisiri agwiritsa ntchito pulogalamu yotchedwa Odin. Pa mafoni ambiri otsika mtengo okhala ndi ubongo wa MediaTek agwiritsa ntchito SP Flash Tool. Pa iPhone kompyuta itenga iOS watsopano kwa Apple ndi kumuika.

Ntchito imeneyi si ya masewera, ndipo mmisiri wina wa pa msika wa ku boma, amene ndinakamfunsa, anandichenjeza zinthu zitatu. Fayilo iyenera kukhala ya mtundu weniweni wa foniyo, osati yongofanana dzina, pakuti yolakwika ipha foni. Magetsi akazima kapena chingwe chikasolotoka ntchito iri pakati, foni itha kusayakanso. Chifukwa chake agwiritsa ntchito laputopu yokhala ndi batire lake. Ndipo fayilo yotengedwa pa tsamba losadziwika itha kukhala ndi kachirombo kake, kotero kuti mwachotsa kapitawo wodwala ndi kulemba ntchito mbala yeniyeni. Tsono funsani mmisiri kumene atenga mafayilo ake, pakuti safunsa anadya phula. Mpatseni foni mutaifomata kale, yopanda simukhadi ndi memore khadi. Khalani pomwepo ngati n'kutheka. Ndipo akatha imbani *#06# kuti muone ngati IMEI iri yomwe ija munalemba m'kope. Mmisiri akakufunsani lisiti musakwiye: akuba mafoni nawonso afuna kufulasha, ndipo wofunsa umboni ndiye woona mtima.

Mutatha kufufuta

Ife ana a ku Kasungu tidziwa mmene akonzera nazale ya fodya. Aunjika mapesi a chimanga pabedi nawatentha, kuti moto uphe mbeu za udzu ndi tizirombo ta m'nthaka totupitsa mizu. Koma alangizi atikumbutsanso chaka ndi chaka kuzula mitengo ya fodya wakale tikatha kukolola, chifukwa m'masamba ophukira pa mitengo imeneyo mubisala nsabwe zonyamula matenda kupita ku mbande zatsopano. Wotentha nazale nasiya mitengo yakale pambali pake wangotaya mapesi.

Ndi mmenenso ziriri ndi foni. Ikayaka idzakufunsani ngati mufuna kubweza maapu onse akale. Kanani, ndipo muyambe ngati foni yatsopano. Chinthu choyamba, lolani foni ilandire zokonza zimene opanga ake atumiza, pa Software update, pakuti zimenezo ndizo zimata ming'alu imene akuba apeza. Kenaka tengani maapu mu Play Store mokha, amodzi amodzi, okhawo amene muwafunadi, ndipo pulogalamu ya tochi ikapempha kuwerenga mauthenga muikanize. Memore khadi yakale ndiwo mtengo wa fodya uja: koperani zithunzi zokha, ndipo khadiyo ifufutidwe isanabwerere m'foni.

Ikani nambala yotsegulira foni imene si chaka chobadwa kapena 1234. Mu WhatsApp yatsani Two-step verification, ndiyo nambala yanuyanu ya manambala 6 imene wakuba adzafunsidwa akafuna kusamutsa dzina lanu. Ngati analanda kale WhatsApp wanu, lembetsaninso nambala yanu pa foni yoyerayo, ndipo iye adzatulutsidwa. Akakhala kuti anaikapo nambala yake yachinsinsi, mudikira masiku 7. Potsiriza uzani abale onse, pakamwa kapena poimba, kuti mauthenga aja sanali anu. Yang'anirani foni kwa masiku angapo. Maapu achilendo akabwereranso okha, pitani kokafulasha. Akabwerera ngakhale mutafulasha, foni imeneyo isasungenso ndalama.

Si vuto la kumudzi kokha

Wina asaganize kuti zotere zigwera anthu osaphunzira okha. Mu Febuluwale 2024 a Lazarus Chakwera, amene anali Pulezidenti nthawi imeneyo, anauza Nyumba ya Malamulo kuti ntchito yosindikiza ziphaso zoyendera inaima chifukwa anthu ena analowa m'makompyuta a nthambi yoona za olowa ndi otuluka m'dziko, nafuna dipo, ndipo anati boma silidzalipira. Anthu ofuna kupita kunja kukaphunzira, kukagwira ntchito ndi kukalandira chithandizo cha mankhwala anadikira masabata angapo kufikira makina atakonzedwanso. Ngati zinatheka pa makompyuta a boma, nanga foni ya m'thumba la mlimi?

Dziko lathu liri ndi lamulo la mu 2016, lotchedwa Electronic Transactions and Cyber Security Act, limene liyesa mlandu kulowa m'kompyuta kapena m'foni ya munthu popanda chilolezo. Lamulo lomwelo linakhazikitsa pansi pa MACRA gulu lothandiza pa ngozi za makompyuta, lotchedwa Malawi CERT. Kuyambira mu 2018 simukhadi iriyonse iyenera kulembetsedwa m'dzina la mwini wake. Tsono woberedwa akanene ku polisi ndi ku kampani ya foni, atanyamula umboni uja, ndipo asabise chifukwa cha manyazi. Ndiponso musalole munthu kulembetsa simukhadi ndi chiphaso chanu, kuopa kuti mlandu wake ungadzagwere inu.

Mmene inathera nkhani yathu

Foni ya atsibweni tinaifomata Lachinayi, ndipo tinaiyang'anira sabata yathunthu. Palibe chachilendo chinabwerera, kotero kufulasha sikunafunike. Ndalama za ku banki zinapezeka zonse, amayi aang'ono anali asanatumize kanthu, ndipo ndi chifukwa chake ndiri pano teremu ino. Koma mkulu wina wopemphera nawo mpingo umodzi anali atatumiza kale K20,000 ku nambala yachilendo ija, poganiza kuti alikupulumutsa moyo wa mnzake. Ndalamayo sinabwere. Atsibweni anambwezera za m'thumba mwao, nati, "Munthu amene anathamanga kudzandithandiza sangalire chifukwa cha kupusa kwanga." Usiku womwewo anandiuza kuti ndiwaphunzitse kusintha nambala yachinsinsi okha, ndipo anabwereza katatu kufikira atakhoza.

Anzanga, tchuthi chikubwerachi pemphani kuona foni ya bambo, ya amayi kapena ya agogo, nthawi ya malonda a fodya isanafike. Funsani ngati adziwa akaunti yao ya Google, werengani nawo maina a maapu, yang'anani zipangizo zolumikizidwa ndi WhatsApp, ndipo muwauze kuti nambala yachinsinsi sauza munthu, ngakhale wodzitcha bwana wa kampani, ngakhale ife ana ao. Ntchito yonseyo siitenga ola limodzi. Chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe.

Wophunzira wa Fomu 3